Mikanda ya m'chitini cha penti

Ntchito yanga ndi yotunga mikanda. Ndimapanga ya m'khosi, ndolo, zibangili, mwa apo ndi apo mphete za waya wa kopa, ndipo Loweruka ndimakwera nazo minibasi kukagulitsa ku tauni. Ndimakhala ku Silverest, m'nyumba yomwe khoma lakumbuyo sitinalipake pulasitala mpaka lero. Anthu akandifunsa kumene ndinaphunzira kugwirizanitsa mitundu, ndimati kwa atate, ngakhale kuti atatewo sindinawaonepo atagwira singano. Iwo anali munthu wa penti ndi burashi. Ku Bundabunda konse ankangowatchula kuti a penta. Ankalemba zikwangwani za magolosale, kujambula mitu ya anthu pa makoma a nyumba zometera, ndipo pakapita zaka zingapo ankaitanidwa ku mishoni yakale kukatsitsimutsa zithunzi za Njira ya Mtanda zikayamba kusuluka.

Ndili mwana ankandikhazika patsogolo pa chithunzi n'kunena kuti, "Ika chala pamwamba, utsike nacho pang'onopang'ono, uniuze mitundu yamene ukumana nayo." Ine ndinkatchula: buluu, kenako yoyera, kenako yofiira pang'ono chabe, kenako yakuda yambiri. Anali masewera basi, koma ndi mmene ndimagwirira ntchito mpaka pano. Ndimaika chithunzi patebulo, ndimatsika ndi chala, ndipo mtundu uliwonse ndimaupatsa mikanda yolingana ndi kukula kwake pachithunzipo. Chithunzi chachisoni chimatulutsa mkanda wachisoni, ndipo wogula amazimva ngakhale chithunzicho sanachione. Ena amaseka ndikanena zimenezi. Aseke, ine ndaziona kambirimbiri.

Atate anamwalira m'nyengo yozizira, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Maliro anayenda monga mwa kwathu kum'mawa, kumene makolo anga anachokera ine ndisanabadwe. Tsiku loika, alangizi awiri analowa ndi amai kuchipinda n'kutseka chitseko. Aliyense ankadziwa chimene chikuchitika m'menemo. Kwathu mwamuna akafa, alangizi amamudula mkazi wake mikanda ya m'chiuno, ndipo imapita m'bokosi pamodzi ndi mwamunayo. Mikanda imeneyo ndi ya mwamuna yekha. Mwana saiona, m'bale saiona, mnzako wapamtima saiona. Alangiziwo atatuluka sananene kanthu, ine ndinangoti mwambo watha.

Pamaliropo panali mayi wina amene anandikhala pamtima. Anali wa ku Palabana, wogulitsa mkaka pa njinga, wamtali, wocheperako zaka kwa amai. Sanali wachibale, sanali wa m'mudzi mwathu. Koma kulira kwake kunaposa kwa azakhali anga onse kuwaphatikiza. Anagwira bokosi ndi manja awiri mpaka azimayi a kumpingo anachita kumuchotsapo. Amai, eni ake maliro, analibe msozi ndi umodzi womwe. Anangokhala tsonga pamphasa, maso pansi. Ine ndine munthu wosaiwala zimene ndaona, ndipo izi ndinazisunga.

Kunena zoona, makolo anga sindinawaonepo akukangana. Koma sindinawaonenso akusekera limodzi. Ankalemekezana ngati anthu amene akumana pa basi. Amai ankaphika, ankachapa, ankaika madzi kubafa. Atate ankati zikomo n'kupita ku mapenti awo. Mwana ndinali ndekha, chifukwa mlongo wanga wonditsatira anamwalira ali khanda, ine ndili ndi zaka zitatu, nthawi imene tinkakhala pa famu ina kufupi ndi Palabana. Za kumeneko sindikumbukira kanthu kupatula fungo la ng'ombe. Ndinkangoganiza kuti mabanja a anthu akale ndi otero.

Patapita milungu itatu chiikire maliro, amai anandiitana kuti ndikachotse zinthu m'kachipinda ka atate ka penti, kuseri kwa nyumba.

"Iwe ndiwe udziwa za mapenti," anatero. "Ine muja sininalowemo zaka zambiri, siniyamba lero."

Kanali kachipinda ka njerwa zosaotcha ndi malata akale, kodzaza zitini, maburashi ouma ndi matabwa. Kuseri kwa matabwa onse ndinapeza chithunzi chimodzi chitayang'ana kukhoma. Nditachitembenuza ndinadziwa pomwepo kuti sichinali cha kasitomala. Chinali cha mkazi wachitsikana, wojambulidwa chakumbuyo, akukankha njinga yomangirira chigubu cha mkaka. Nkhope sinkaoneka. Pamwamba thambo la buluu lalikulu, kenako kamzere kopyapyala ka yelo pamene dzuwa likutuluka, kenako mitengo yobiriwira, duku loyera, bulauzi yofiira, ndi chitenge chakuda chotsika mpaka pansi. Penti yake inali yokhuthala moti chala chinkakwera ndi kutsika. Mwana wa penta amadziwa tanthauzo lake: chithunzicho chinapakidwa, n'kupakidwanso, n'kupakidwanso, kwa zaka.

Mkazi, njinga, mkaka. Maganizo anapita kwa mayi wa ku Palabana uja, koma ndinadziuza kuti ndisafulumire. Ndinapitiriza kutulutsa zitini, chilichonse ndikuchigwedeza kuti ndimve ngati muli penti yoti n'kugwiritsa ntchito. Chimodzi chinalira mosiyana ndi zinzake. Ndinachitsegula ndi mpeni. Munali kansalu koyera, ndipo m'kansalumo munali mikanda ya m'chiuno.

Inali mikanda yakale, yaing'onoing'ono, yagalasi, imene masiku ano sindiipeza m'mashopu. Inali yotungidwa pa ulusi wosokera matumba, ndipo mfundo yake inali yachibwana, ya munthu amene si ntchito yake. Ndinaiyala pansi pambali pa chithunzi. Sindinafune kuchita zimene ndinachita, koma chala chinapita chokha. Buluu wambiri. Yelo pang'ono. Yobiriwira, yoyera, yofiira, yakuda. Mitundu yomweyo, kutsatana komweko, kukula komweko. Panali kusiyana pamodzi pokha: kamzere ka yelo pachithunzi, mwa muyeso wanga, kankafuna mikanda isanu, pamene pa ulusipo inalipo itatu.

Ndinakhala pansi pa fumbi. Atate anachita ntchito yanga mobwerera. Ine ndimayamba ndi chithunzi n'kutulutsa mikanda; iwo anayamba ndi mikanda ya m'chiuno mwa mkazi n'kutulutsa chithunzi. Ndipo ya amai sikanakhala, chifukwa ya amai inadulidwa ndi alangizi, ili m'manda. Ndinakwiya kwambiri. Munthu amene ankagwada pa makwerero mu tchalitchi akukonza nkhope ya Yesu, amene ankandinyamula pa njinga kupita kusukulu, amene anthu pamaliro ankati analibe banga, anali ndi chitini chake. Ndinkawakonda atate kuposa amai, ndinene poyera, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka chomwecho.

Nditatsegula zitini zonse zotsala, amai anafuula ali pakhonde kufunsa ngati ndapeza chilichonse chothandiza. Ndinati iyayi, zinyalala chabe. Chithunzi ndinachikulunga m'thumba la feteleza, chitini ndinachiika m'chikwama, n'kupita nazo ku Silverest.

Sabata yonse ntchito sinayende. Ndinkatunga, kumasula, kutunganso. Ndinayamba kukumbukira zinthu zimene kale sindinkazilabadira. Atate ankakonda kunena kuti penti yabwino imapezeka mbali ya ku Palabana. Penti ku Palabana, kumene kuli ng'ombe zokhazokha? Nthawi zina ankabwera ndi botolo la mabisi, mkaka wosasa uja, n'kunena kuti wawapatsa ndi munthu. Munthu uti? Munthu alibe dzina? Chilichonse chimene ndinkachikumbukira chinkaloza kumodzimodzi. Koma amai sindikanawauza za m'mutu mwanga. Mayi wamasiye sumufikira ndi nkhani yotere usanagwire chenicheni.

Lachisanu ndinakwera minibasi mpaka ku Palabana, n'kufunsa kwa amai a mkaka aatali aja. Kunalibe amene sankawadziwa. Ndinawapeza akutsuka zigubu panja pa nyumba yawo, njinga itatsamira pamtengo wa mango. Ndinaiyang'ana njingayo nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira njinga.

"Aa, mwana wa a penta," anatero akupukuta manja pachitenge. "Mwabwera kutiona. Amai ali bwanji kunyumba?"

"Ali bwino. Nifuna mabisi."

Anandithirira, n'kukana ndalama. Ine m'mtima ndinati, ee, kukoma mtima kumeneku kuli ndi chifukwa chake.

"Munalira maningi pamaliro paja," ndinatero.

"Ninalira, mwana wanga. Atate anu ananichitira chinthu chamene sinizaiwala mpaka nikafe."

"Chinthu chanji?"

Maso awo anadzaza misozi. "Ni za mumtima. Lowani m'nyumba muone mweka."

Ndinakana. Ndinati ndikuthamangira minibasi. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuponda m'nyumba imene ndinkaganiza kuti atate ankavuliramo nsapato. Mabisiwo ndinawathira m'ngalande ndisanafike pamsewu. Ndili ndi mtima wotero, ndipo sindinyadira.

M'minibasi ndi mmene nzeru ina inandifikira, ndipo ndinaiona ngati nzeru yaikulu. Kufunsa munthu amakana. Koma mkazi aliyense amadziwa mikanda yake. Akaiona pamalo pamene sakuiyembekezera, nkhope imamugulitsa asanatsegule pakamwa. Lamlungu la sabata yotsatira kunali Misa yopempherera atate ku mishoni, ndipo ndinkadziwa kuti mayi uja sangajombe. Ndinaganiza zotunga mkanda wa m'khosi wotsata chithunzi chija, ndiuvale, ndikakhale pamene angandione.

Ndinautunga masiku atatu. Ndinasankha mikanda yaikuluko kuti izioneka patali. Buluu ndinasakaniza mitundu itatu, wotuwa pamwamba, wozama pansi, monga atate anapakira thambo lija. Yofiira ndinaika yonyezimira. Pa yelo ndinaima kaye, kenako ndinatsata chithunzi monga ndimachitira nthawi zonse, n'kuika isanu. Ndinkatunga ndi mkwiyo, koma chimene chinatuluka sichinali chaukali. Unali mkanda wa munthu amene akusowa mnzake. Pa zonse zimene ndapanga ndi manja awa, umenewo ndiye unaposa. Mayi woyandikana nane atauona patebulo anafuna kuugula pomwepo, ine ndinati uli kale ndi mwini wake.

Lamlungu ndinanyamuka m'mawa kuchokera ku Silverest, n'kulunjika ku mishoni osadzera kunyumba. Ndinavala diresi lakuda, mkanda pamwamba, n'kuphimba ndi mpango. Amai anali atakhala kale kutsogolo ndi azimayi anzawo. Ine ndinayang'ana uku ndi uku mpaka ndinawapeza amai a mkaka pabenchi lapakati. Ndinakhala pambali pawo penipeni n'kuchotsa mpango.

Anatembenuka, anandipatsa moni, maso awo n'kutsikira pakhosi panga.

"Wakongola mkanda uyu," ananong'ona. "Mwatunga mweka? Muli na manja a atate anu."

Anaugwira ndi nsonga ya chala, n'kubwerera ku buku lawo la nyimbo. Nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono. Munthu wanzeru akanayamba kudzikayikira pamenepo. Ine ndinati, ameneyu ndi wouma mtima, anazolowera kubisa. Misa yonse ndinaithera kumuyang'ana m'mbali mwa diso. Ulaliki sindinaumve.

Nthawi yolandira ukaristia ndinalowa pamzere. Pobwerera ndinadutsa pabenchi la kutsogolo. Pamenepo panali agogo ena, mmodzi wa alangizi aja, amene anachokera mudzi umodzi ndi amai kum'mawa ndipo ndi amene anawalangiza pa ukwati wawo. Anayang'ana pakhosi panga, dzanja lawo linapita pakamwa, kenako anatembenukira kwa amai. Amai anadzutsa mutu. Sindinawaonepo nkhope yotero, ngakhale tsiku la maliro. Milomo inatuwa. Anayang'ana mkandawo, anayang'ana ine, n'kubwezera maso pansi.

Titatuluka sanadikire kupatsana moni ndi anthu. Anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa tchalitchi, kumene kuli thanki ya madzi.

"Vula," anatero motsitsa mawu.

"Amai, nifuna nikuuzeni..."

"Vula chinthu icho. Uniyendetsa maliseche pamaso pa mpingo wonse?"

Ndinavula. Tinayenda ulendo wonse wopita kunyumba, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mwana amene wagwidwa akuba shuga. Titafika anatulutsa mphasa, anatenga lichero la mtedza n'kuyamba kuswa. Dzuwa linali pamutu. Ine ndinakhala chapatali pang'ono.

"Wauona kuti?" anafunsa.

Ndinatulutsa chitini m'chikwama, chifukwa ndinkayenda nacho paliponse masiku amenewo. Ndinawauza za chithunzi, za ku Palabana, za mabisi, za nzeru yanga yonse. Ndinati ndimaganiza kuti ndi ya mkazi wina, popeza yawo inapita m'bokosi.

"M'bokosi simunapite kalikonse," anatero amai. "Alangizi anapeza m'chiuno mulibe kanthu. Anangoniyang'ana, ine n'kuwayang'ana, basi tinatuluka."

Anatsegula kansalu kaja. Sanaigwire mikandayo msanga. Kenako anandiuza nkhani imene sanandiuzepo m'zaka zoposa makumi atatu, ndipo anainena akuswa mtedza, osandiyang'ana.

Ku famu kuja, iwo ndi amene ankapereka mkaka pa njinga m'mawa uliwonse. Mlongo wanga atabadwa, atate anapita ku boma la Chongwe milungu iwiri kukalemba zikwangwani. Atabwerako anamunyamula mwanayo, monga bambo aliyense. Pasanathe sabata mwana anayamba kutsokomola, miyendo kutupa, kukana bere. Anamwalira. Akuluakulu anati ndi mdulo. Kwathu amati mkazi akakhala ndi khanda, mwamuna sayenera kuyandikira mkazi wina aliyense. Akatero n'kubwera kudzagwira mwana, mwanayo wamudula, amatupa n'kufa. Atate analumbira pa Baibulo kuti sanachite. A kuchipatala anati chinali chibayo.

"Koma a kuchipatala adziwa chani za mdulo?" anatero amai. "Milungu iwiri ku boma, mwamuna eka, na ndalama m'thumba. Ninatenga mpeni, ninadula mikanda iyi, n'kuwaponyera kumaso. Inamwazika nyumba yonse. Ninawauza kuti nizakuphikirani, nizakuchapirani, koma ine na imwe zatha. Ndipo zinatha."

"Sanavomerepo?"

"Olo kamodzi. Chaka chilichonse ninali kuyembekeza kuti avomera. Pamene anali kudwala ninati manje akamba. Anangoti, amake mwana, sininachite. Ine ninati, mufa na bodza lanu."

Ndinalira. Ndinalirira atate, ndinalirira amai, ndiponso ndinalira ndi manyazi. Ndinawatsutsa atate m'mtima mwanga milungu iwiri yokha, ndipo zinandidwalitsa. Amai anakhala nazo moyo wawo wonse, akudya mbale imodzi ndi munthuyo.

Anasiya mtedza n'kutola mikanda ija. Anaiyendetsa pakati pa zala, pang'onopang'ono, kuyambira pa buluu.

"Tsiku lotsatira pansi panalibe olo umodzi," anatero. "Ninaganiza kuti nkhuku zatola."

Anayang'ana mfundo ija ya ulusi wa matumba nthawi yaitali. Atafika pa yelo anaima.

"Apa yasowa iwiri. Inali isanu." Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse mkanda wanga wa m'khosi, n'kuwerenga. "Iwe waika isanu. Wadziwa bwanji?"

"Si ine, amai. Pachithunzi ni mwamene anapakira."

Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza m'lichero, iwo sanaithamangitse. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti linali pakhosi pawo kuyambira kuseri kwa tchalitchi kuja.

"M'chitini umu inalimo ingati?"

"Umodzi chabe."

"Zitini zina unatsegula?"

"Zonse, amai. Munali penti youma."

"Zithunzi za akazi ena?"

"Kulibe. Chimodzi chomwecho."

Anagwedeza mutu. "Sizitanthauza kanthu. Mwamuna angasunge mikanda ya mkazi wake uku ayenda kwina. Kapena anasunga chifukwa mtima unali kumutsutsa." Anatero ndi mawu olimba, koma mikanda anali ataifumbata m'dzanja moti mitsempha inatuluka. Ine sindinatsutse. Sindikudziwa chimene chinachitika ku boma zaka zimenezo, ndipo palibe wamoyo amene akudziwa.

Sabata yotsatira ndinabweretsa chithunzi. Ndinachiimika pakhonde, ndikuyembekeza kuti mwina alira. Anachiyang'ana ataima, manja kumbuyo, ngati akuyendera munda wa munthu wina. Anayandikira, anagwira penti yokhuthala ija ndi chala.

"Njinga iyi inalibe mabuleki," anatero. "Ninali kuimitsa na phazi."

Anachinyamula okha n'kulowa nacho kuchipinda. Sindinachionenso, ndipo sindinafunse kumene anachiika.

Ku Palabana ndinabwererako. Nthawi imeneyi ndinalowa m'nyumba. Pakhoma panali chithunzi cha kamtsikana ka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kovala diresi la maluwa, kakumwetulira. Dzanja la atate ndinalizindikira ndili pakhomo. Anali mwana yekhayo wa amai a mkaka aja, amene anamwalira kalekale, ndipo chimene anatsala nacho chinali kachithunzi kakang'ono kosuluka, koti nkhope sinkaonekanso. Atate anakhala nawo masiku angapo akuwafunsa za maso, za mphuno, za mmene ankasekera, mpaka mwanayo anatuluka pathabwa. Sanalandire kanthu. Mabisi aja anali zikomo wawo. Ndinawapepesa osanena chimene ndawalakwira, iwo anadabwa n'kundithiriranso ena. Amenewo ndinamwa.

Agogo alangizi aja mpaka lero akandiona amapukusa mutu. Sananenepo kanthu kwa munthu, koma ine ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi. Mkazi wamkulu ngati ine, wokwatiwa, wolangizidwa, kutenga za m'chiuno kuzikweza pakhosi n'kupita nazo ku Misa. Ndinkaganiza kuti ndikutchera msampha munthu wakuba, koma amene ndinamuvula anali amai anga.

Mvula itayamba ndinapita kukawathandiza kubzala. Titaweruka kumunda tinakhala pakhonde kuchotsa matope kumapazi. Amai anayamba nkhani ya mbewu, ya mtengo wa feteleza, ya mbuzi ya oyandikana nawo. Kenako, osasintha mawu, anati:

"Uli nayo ya yelo iwiri? Na ulusi wolimba, osati wa matumba."

Ndinati yaing'ono yakale ija sipezekanso, imene ndili nayo ndi yokulirapo.

"Ilibe kanthu. Ya pa mkanda wako uja ikwana."

Mkandawo unali m'chikwama changa. Sindinauvalenso chichokere tsiku lija, sindinaugulitse, komanso ndinkalephera kuusiya kunyumba. Ndinautulutsa n'kuuyala pamwendo. Amai anayang'ana kumbali, kumene kunali kachipinda ka penti.

"Usaganize kuti nakhulupirira," anatero. "Mpaka manje sinidziwa."

"Namva, amai."

Sindinafunse chimene akufuna kuchita nayo, kaya kukaikwirira kumanda, kaya china. Zimenezo mwana safunsa. Ndinatenga lumo, ndinadula mkanda wabwino kuposa yonse imene ndinatungapo, ndinasankha iwiri ya yelo n'kuwaikira m'dzanja. Anaimanga pa nsonga ya chitenge, anadzuka, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva chitseko chikutsekedwa, ine ndinatsala pakhonde ndikutola imene inagwera pansi.